Kubzala adyo mochedwa

Kubzala adyo mochedwa ndi kuika mbewu ya adyo m'nthaka nthawi yoyenera ya m'deralo itadutsa kale. Adyo, amene dzina lake la sayansi ndi Allium sativum, ndi mbewu ya m'gulu limodzi ndi anyezi ndipo amakula bwino m'nyengo yozizira. Mbewu zina zikachedwa kubzalidwa zimangochedwanso kukhwima, koma adyo amatsatira kwambiri nyengo kusiyana ndi tsiku limene anabzalidwa. Iye amayamba kupanga mutu chifukwa cha kuzizira kumene wadutsamo, kutalika kwa usana ndi kutentha kumene kumabwera pambuyo pake. Zinthu zimenezi zimafika pa nthawi yake, kaya mlimi anabzala msanga kaya anachedwa. Choncho masiku amene mlimi wachedwa amachotsedwa pa nthawi imene adyo akanakulitsa mizu ndi masamba, ndipo mitu imatuluka yaing'ono.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa alimi chifukwa mbewu ya adyo ndi yodula. Mbewuyo ndi adyo yemweyo amene akanadyedwa kapena kugulitsidwa pamsika, ndipo hekitala imodzi imafuna makilogalamu mazanamazana. Mlimi amene wachedwa amayenera kusankha chimodzi mwa zinthu zitatu: kubzalabe n'kulandira mitu yaing'ono, kubzala ndi cholinga china monga kupeza masamba kapena mbewu ya chaka chamawa, kapena kusiyiratu n'kubzala mbewu ina pamalopo.

Mmene adyo amakulira

Adyo amene amalimidwa masiku ano nthawi zambiri sabereka njere zoti n'kumera. Alimi amabzala tizidutswa timene timapanga mutu wa adyo, tomwenso timasinjidwa pophika ndiwo. Kachidutswa kalikonse kali ndi mphukira mkati mwake komanso chakudya chokwanira kuti mphukirayo imere. Kachidutswa kamodzi kamabereka mutu umodzi.

Moyo wa adyo m'munda uli ndi magawo atatu. Gawo loyamba ndi la mizu. Kachidutswa kakakwiriridwa m'nthaka yachinyezi, kamatulutsa mizu kumunsi kwake, kenako mphukira imaboola nthaka. Gawo lachiwiri ndi la masamba. Chomeracho chimatulutsa masamba limodzilimodzi, ndipo chikakula bwino chimakhala ndi masamba pafupifupi 8 mpaka 12, malinga ndi mtundu wake. Gawo lachitatu ndi la mutu. Pa gawo limeneli tizidutswa tatsopano timayamba kufufuma pansi pa tsinde, ndipo chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira m'tizidutswato.

Mutu ukangoyamba kupangika, chomera chimaleka kutulutsa masamba atsopano. Masamba amene alipo pa nthawiyo ndi amene amadyetsa mutu mpaka kukhwima. N'chifukwa chake adyo wa masamba 10 akuluakulu amabereka mutu waukulu kuposa adyo amene nyengo yamupeza ali ndi masamba 5 okha. Ndiponso tsinde la tsamba lililonse limakulunga mutu, ndipo likauma limasanduka khoko lopyapyala lija limene limauteteza. Adyo wa masamba ochepa amakhala ndi makoko ochepa, choncho sachedwa kuuma kapena kuola akasungidwa.

Zimene zimachititsa adyo kupanga mutu

Chinthu choyamba ndi kuzizira. Adyo anachokera ku Central Asia, dera limene nyengo yachisanu imakhala yaitali. Kuti mutu ugawike m'tizidutswa, chomera kapena mbewu yake imayenera kudutsa m'nyengo yozizira, pakati pa madigiri 0 ndi 10 a Celsius, kwa masabata angapo. Mitundu yambiri ya kumaiko ozizira imafuna masabata 6 mpaka 8. Akatswiri a zomera amatchula zimenezi kuti vernalization. Mitundu imene yazolowera maiko otentha imafuna kuzizira kochepa chabe.

Chinthu chachiwiri ndi kutalika kwa usana. Kuzizira kukadutsa, usana ukayamba kutalika, adyo amafulumira kupanga mutu. M'maiko akutali ndi ikweta kusintha kumeneku n'kwakukulu. Ku London usana sukwana maola 8 mu Disembala koma umaposa maola 16 mu Juni. Ku Lilongwe usana umangochoka pa maola 11 ndi mphindi zochepa mu Juni n'kufika pafupifupi maola 13 mu Disembala. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene adyo wozolowera ku Ulaya amalepherera kupanga mitu yabwino akabzalidwa kufupi ndi ikweta.

Chinthu chachitatu ndi kutentha. Kunja kukafunda kufika madigiri 20 ndi kupitirira, mutu umafufuma mofulumira. Koma kukatentha kwambiri, makamaka nthaka ikatentha ndi kuuma, masamba amayamba kuchita chikasu ndipo chomera chimakhwima msanga mutu usanafike pa msinkhu wake.

Mitundu ya adyo

Alimi amagawa adyo m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la adyo wa phesi lolimba, amene m'Chingerezi amatchedwa hardneck. Adyo ameneyu amatulutsa phesi la duwa pakati pa masamba, ndipo mutu wake umakhala ndi tizidutswa tochepa koma tokulirapo, tozungulira phesilo. Amafuna kuzizira kwambiri, choncho ndi amene amapwetekeka kwambiri akabzalidwa mochedwa.

Gulu lachiwiri ndi la adyo wa khosi lofewa, wotchedwa softneck. Nthawi zambiri satulutsa phesi la duwa. Mutu wake umakhala ndi tizidutswa tambiri tosanjikizana, tatikulu kunja ndi tating'ono mkati. Amafuna kuzizira kochepa, amasungika nthawi yaitali, ndipo masamba ake ouma amalukika ngati chingwe. Mlimi amene wachedwa amakhala ndi mwayi wokulirapo ndi adyo wa gulu limeneli.

Palinso chomera cha mitu ikuluikulu kwambiri chotchedwa elephant garlic. Ngakhale chimafanana ndi adyo, dzina lake la sayansi ndi Allium ampeloprasum ndipo chili pa ubale wapafupi ndi liki. Nachonso chikabzalidwa mochedwa chimakonda kubereka mutu wosagawika.

Nthawi yobzala m'madera osiyanasiyana

Kuchedwa kulibe tsiku limodzi padziko lonse, chifukwa nyengo yozizira imafika m'miyezi yosiyana. M'maiko ozizira a kumpoto kwa ikweta, monga Canada, kumpoto kwa United States ndi mbali yaikulu ya Ulaya, adyo amabzalidwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Kumene nthaka imaundana ndi chisanu, alimi amayesetsa kubzala kutatsala masabata 3 mpaka 6 kuti iundane. Cholinga chake n'chakuti mizu imere koma masamba asakule kwambiri. Adyoyo amakhala phee m'nthaka nyengo yonse yachisanu, amaphuka kukayamba kufunda, ndipo amakololedwa mu Juni, Julayi kapena Ogasiti. Kumeneko kubzala mu Disembala, kapena kudikira mpaka Malichi ndi Epulo, ndiye kuchedwa.

Dziko la China, limene limalima adyo woposa magawo awiri mwa magawo atatu a adyo yense wa padziko lapansi, limatsatiranso dongosolo lomweli. M'chigawo cha Shandong, kumene kuli dera lotchuka ndi adyo la Jinxiang, alimi amabzala chakumapeto kwa Sepitembala ndi mu Okutobala n'kukolola mu Meyi ndi Juni.

Kumwera kwa ikweta miyezi imatembenuka. Ku South Africa adyo amabzalidwa kuyambira Febuluwale mpaka Meyi. Ku New Zealand kuli chizolowezi chakale chobzala pa tsiku la usana waufupi kwambiri, cha pa 21 Juni, n'kukolola pa tsiku la usana wautali kwambiri, cha pa 21 Disembala, ngakhale alimi ambiri tsopano amabzala tsikulo lisanafike.

Ku Malawi adyo amalimidwa kwambiri kumadera okwera ndi ozizira, makamaka m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, amene achita malire ndi madera okweranso a Angónia ndi Tsangano m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Nyengo yozizira imayamba mu Meyi n'kutha mu Ogasiti, ndipo kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Nthawi yabwino yobzala ndi kumapeto kwa mvula, m'miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, kuti chisanu chipeze adyo atazika mizu ndipo akukulitsa masamba. Adyo amatenga miyezi 5 kapena 6 m'munda. Wobzalidwa pakati pa Epulo amakhwima cha mu Sepitembala kapena Okutobala, kunja kuli kouma. Wobzalidwa mu Julayi amangolawa masabata ochepa a chisanu, kenako amakumana ndi dzuwa la Sepitembala ndi Okutobala akadali wamng'ono, ndipo ngati achedwa kukhwima amapezedwa ndi mvula yoyamba ya Novembala. Kumadera otsika ndi otentha monga Chikwawa ndi Nsanje nthawi yozizira ndi yaifupi, choncho mpata wochedwera ndi wochepa kwambiri kuposa ku Dedza.

Zifukwa zimene alimi amachedwera

Alimi ambiri sachedwa chifukwa cha ulesi kapena kusadziwa. Ku Malawi nthawi yobzala adyo imawombana ndi ntchito yokolola chimanga, mtedza, soya ndi fodya, ndipo banja lonse limakhala lotanganidwa. Ndalama zogulira mbewu ndi feteleza nthawi zambiri zimapezeka zokolola za m'munda zikagulitsidwa, cha mu Meyi, Juni kapena Julayi. Chaka chimene mvula yachedwa kusiya, madimba a m'dambo amakhala odzaza madzi mpaka Epulo kapena Meyi, ndipo adyo sangabzalidwe m'matope chifukwa amaola. Nthawi zina malo amakhala akadali ndi mbewu ina yosakololedwa.

Mbewu nayonso imachedwetsa. Adyo amene wangokololedwa kumene samera nthawi yomweyo. Tizidutswa timagona kwa masabata angapo kapena miyezi ingapo mphukira isanadzuke. Mlimi akhoza kubzala pa nthawi yake koma mbewu n'kukhala m'nthaka osamera, ndipo zotsatira zake zimafanana ndi za kubzala mochedwa.

Zotsatira za kuchedwa

Chotsatira chachikulu ndi mitu yaing'ono ndi yopepuka. Pamsika mitu yotere imagulidwa motchipa, chifukwa ogula amakonda adyo wa tizidutswa tokulirapo tosavuta kusenda.

Chotsatira chachiwiri ndi mitu yosagawika. Adyo amene sanapeze kuzizira kokwanira amabereka mutu umodzi wozungulira, wopanda tizidutswa, wooneka ngati anyezi wamng'ono. Mutu wotere umadyedwa bwinobwino ndipo fungo lake ndi la adyo ndithu. M'chigawo cha Yunnan ku China adyo wa mutu umodzi amalimidwa mwadala ndipo amagulitsidwa kunja.

Chachitatu ndi kusamera mofanana. Mbewu imene yasungidwa nthawi yaitali imafota, ina imachita chuku, ina imaphukira m'nyumba n'kutha mphamvu. M'munda mumakhala mipata yambiri ndipo zomera zimasiyana misinkhu.

M'maiko ozizira muli vuto linanso. Kachidutswa kopanda mizu sikagwira nthaka, ndipo nthaka ikamaundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza imakakankhira pamtunda, pamene chisanu chimakapha. M'maiko otentha vuto lofanana nalo kukula kwake ndi mvula ya nthawi yokolola. Madzi akalowa m'khosi mwa adyo wokhwima, makoko amada ndi kung'ambika, mitu imamasuka, ndipo kuumitsa kumavuta.

Kusankha ndi kukonza mbewu

Kukula kwa mutu kumadaliranso kukula kwa kachidutswa kamene kanabzalidwa. Kachidutswa kakakulu kali ndi chakudya chambiri, kamamera mwamphamvu ndipo kamakulitsa masamba msanga. Pamene nthawi yachepa, mlimi amasankha mitu yolimba ndi yopanda matenda, n'kutengapo tizidutswa takunja tokhatokha. Tating'ono ta mkati tikhoza kupita kukhitchini. Mitu imagawidwa tsiku lobzala kapena dzulo lake, osasenda khoko la kachidutswa, chifukwa kachidutswa kosendedwa kapena kovulala kamagwidwa chuku msanga.

Mbewu yabwino ndi imene yalimidwa m'dera lomwelo kwa zaka zingapo, chifukwa yazolowera usana ndi kuzizira kwa kumeneko. Adyo wochokera kunja wogulitsidwa m'masitolo sadalirika ngati mbewu. Akhoza kukhala wa mtundu wofuna usana wautali, ndipo wina amathiridwa mankhwala oletsa kuphuka.

Pali njira yosavuta yoonera ngati mbewu yadzuka. Mlimi amatenga tizidutswa tingapo n'kutidula pakati m'litali mwake. Ngati mphukira ya mkati yakula kufika pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a kutalika kwa kachidutswa, mbewuyo imera msanga ikabzalidwa. Ngati mphukira ikadali yaing'ono pansi, mbewuyo ikadagona.

Kuziziritsa mbewu isanabzalidwe

Kuzizira kumene adyo sanakupeze m'munda akhoza kukupeza asanabzalidwe. Mitu yathunthu imaikidwa m'thumba la pepala kapena m'chiguduli chopita mpweya, n'kusungidwa mufiriji kwa masabata 4 mpaka 8. Siyenera kuikidwa m'chipinda cha firiji choumitsa madzi, ndipo pulasitiki wotseka amaiolesa. Ikatulutsidwa imayenera kubzalidwa mwamsanga chifukwa imaphuka mofulumira.

Njira imeneyi imagwiritsidwa ntchito pa minda ikuluikulu ku Brazil. M'zigawo zofunda za Minas Gerais ndi Goiás alimi amasunga mbewu m'zipinda zozizira pa madigiri 3 mpaka 5 kwa masiku 45 mpaka 60 asanabzale, ndipo potero amalima mitundu imene kale inkangolimidwa kumwera kozizira kwa dzikolo.

Komabe kuziziritsa kumangothandiza kuti mutu ugawike. Sikubwezeretsa masabata okulitsa masamba amene atayika. Mbewu yoziziritsidwa imafulumira kupanga mutu, ndipo ikaziziritsidwa mopitirira muyeso imabereka mitu yaing'ono kapena yosaumbika bwino. Ndiponso masabata amene mbewu yakhala mufiriji ndi kuchedwa kwina. N'chifukwa chake njirayi imapindulitsa mlimi amene waoneratu kuti malo ake sakhala okonzeka pa nthawi yake, n'kuika mbewu mufiriji pamene akudikira.

Kabzalidwe ndi kasamalidwe

Adyo wochedwa safuna chilichonse chomuimitsa kukula. Nthaka imayenera kukhala yofewa, yachonde ndi yosasunga madzi, ya pH ya pakati pa 6 ndi 7. Pa dothi la makande kapena m'dambo, mabedi okwera masentimita 15 mpaka 20 amathandiza kuti madzi asadikhe. Manyowa akhale owolerana bwino, chifukwa ndowe zaziwisi zimawotcha mizu. Malo amene munali anyezi kapena adyo m'zaka zitatu zapitazi sayenera kubzalidwanso adyo.

Kachidutswa kamabzalidwa choimirira, nsonga kumwamba ndipo mbali yophwatalala pansi. Kobzalidwa chozondoka kamamera mochedwa ndipo khosi lake limapindika. M'madera ofunda kuya kwa masentimita 3 mpaka 5 n'kokwanira, koma kumene nthaka imaundana amazamitsa kufika masentimita 7 kapena 8. Zomera zimatalikirana masentimita 10 mpaka 15, ndipo mizere imatalikirana masentimita 20 mpaka 30. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, la mizere inayi ndi mpata wa masentimita 10, limalowa tizidutswa 400. Kuthithikiza mbewu pofuna kubweza zimene zatayika kumangochepetsanso mitu.

Kuphimbira ndi udzu wouma kumathandiza m'madera onse awiri koma pa zifukwa zosiyana. Kumaiko ozizira, udzu wochindikala masentimita 10 mpaka 15 umachedwetsa kuundana kwa nthaka ndipo mizu imapeza masiku ena okulira. Kumaiko otentha, udzu umasunga chinyezi ndi kuziziritsa nthaka dzuwa likayamba kuswa mtengo, ndipo adyo sakhwima msanga. Kumene kuli chiswe chambiri, zophimbira zimafuna kuyang'aniridwa pafupipafupi.

Mizu ya adyo siipita pansi kwambiri, yambiri imakhala m'masentimita 30 a pamwamba. Choncho adyo amafuna madzi pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Muyeso wodziwika ndi mamilimita 25 pa sabata, omwe ndi malita 25 pa malo a mita imodzi mbali zonse, kapena malita 250 pa bedi latchulidwa pamwambapa. M'miyezi yotentha madziwa amayenera kuwonjezedwa. Adyo wochedwa amafika pa gawo lopanga mutu mu Sepitembala ndi Okutobala, nthawi imene zitsime ndi mitsinje ya m'madimba imakhala ikuphwa. Mlimi amene madzi ake sakhalitsa mpaka miyezi imeneyi akhoza kutaya mbewu yonse.

Feteleza wokulitsa amathiridwa pobzala. Feteleza wa nayitirojeni, monga CAN kapena yureya, amathiridwa adyo akangomera ndiponso patapita masabata angapo, pamene masamba akukula. Mutu ukayamba kufufuma, nayitirojeni amalekedwa. Akathiridwa mochedwa amachititsa tizidutswa kuphuka tikadali m'mutu, khosi limanenepa ndipo adyoyo sasungika. Udzu umazulidwa ndi manja ukadali waung'ono, popeza masamba a adyo ndi opyapyala ndipo sangaphimbe udzu, pomwe khasu limadula mizu. Pa adyo wa phesi lolimba, phesi la duwa limathyoledwa likangoyamba kupindika kuti chakudya chipite kumutu.

Matenda ndi tizilombo

Adyo wochedwa amakumana ndi adani ake akadali wanthete. Tizilombo tating'ono kwambiri totchedwa Thrips tabaci timachuluka kunja kukatentha ndi kuuma. Timabisala pamene masamba akumana, timayamwa madzi a masamba n'kusiya timizere totuwa. Minda ya anyezi ndi adyo wobzalidwa msanga ikayamba kuuma, tizilomboti timasamukira ku mbewu zimene zikadali zobiriwira.

Matenda a dzimbiri, oyambitsidwa ndi Puccinia allii, amaoneka ngati timadontho tofiirira pa masamba, ndipo akafika msanga amaumitsa masamba mutu usanakule. Matenda a mawanga ofiirira moderako, oyambitsidwa ndi Alternaria porri, amakonda nyengo yofunda ndi yachinyezi, monga imene imabwera ndi mvula yoyamba. M'nthaka yotentha, Fusarium amaoletsa mutu kuyambira kumizu. M'nthaka yozizira kwambiri, mmene mbewu imamera pang'onopang'ono, chuku chobiriwira cha Penicillium chimagwira tizidutswa tovulala.

Matenda oopsa kwambiri ndi kuola koyera, koyambitsidwa ndi Sclerotium cepivorum, chifukwa amatha kukhala m'nthaka zaka 20 ngakhale musabzalidwe adyo. Amafalikira ndi mbewu komanso dothi lomata ku makasu. Mlimi wofulumira kugula mbewu iliyonse imene yatsala pamsika akhoza kubweretsa matendawa m'dimba mwake. Pa nkhani ya mankhwala opopera, mlangizi wa zaulimi wa m'deralo ndi amene amadziwa ovomerezeka ndi muyeso wake.

Kukolola ndi kuumitsa

Adyo wochedwa sakololedwa powerenga miyezi, chifukwa nthawi zambiri amakhwima miyezi yake isanakwane. Chizindikiro chili pa masamba. Masamba a m'munsi akauma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka la masamba onse, mlimi amakumba mitu iwiri kapena itatu n'kuidula chopingasa. Ngati tizidutswa tadzaza makoko ake, adyo wakhwima. Kudikira kuti masamba onse aume poganiza kuti mutu ukulabe n'kulakwitsa, chifukwa makoko amaola ndipo mutu umamasuka m'nthaka.

Kuthirira kumalekedwa kutatsala masabata awiri kuti adyo akumbidwe. Ngati mvula yayandikira, ndi bwino kukumba masiku angapo nthawi isanakwane kusiyana ndi kukumba m'matope. Adyo amakumbidwa mosamala, osamuzula mokoka, ndipo satsukidwa. Amamangidwa m'timitolo n'kupachikidwa pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde kapena m'chigafa, kwa masabata 2 mpaka 4. Dzuwa lamphamvu limawaula mitu. Khosi likauma gwa, masamba ndi mizu zimadulidwa. Adyo wochedwa ayambe ndiye kudyedwa kapena kugulitsidwa, popeza sakhalitsa.

Pamene nthawi yatheratu

Nyengo yozizira ikatsala pang'ono kutha, kuyembekezera mitu yogulitsa kumakhala kutaya mbewu. Komabe mbewuyo ikhoza kupindulitsa m'njira zina. Tizidutswa tikabzalidwa moyandikana, masentimita 3 mpaka 5, timabereka adyo wamasamba amene amazulidwa patapita masabata 6 mpaka 10 n'kudyedwa yense ngati anyezi wamasamba. Adyo wotere safuna kuzizira ndipo ku China amadyedwa kwambiri.

Njira ina ndi kubzala pofuna kusunga mtundu. Mitu ya adyo siifika chaka chachiwiri ili m'nyumba, choncho mlimi amene ali ndi mtundu wabwino akadumpha chaka osabzala amautaya. Kubzala kabedi kamodzi, ngakhale mochedwa, kumapulumutsa mtunduwo. Mitu yosagawika ija ikasungidwa n'kubzalidwa yathunthu pa nthawi yoyenera chaka chotsatira, nthawi zambiri imabereka mitu ikuluikulu yogawika bwino, chifukwa imayamba ndi chakudya chambiri. Koma mitu imene yachepa chifukwa cha matenda siyenera kusungidwa ngati mbewu.

Ngati madzi ndi osadalirika kapena mbewu ndi yogula pa ngongole, mlimi akhoza kugulitsa kapena kudya adyoyo n'kubzala masamba okhwima msanga monga mpiru, chayinizi kapena bonongwe pa mabedi amene anakonza.

Kubzala msanga kwambiri

Kufulumira mopitirira muyeso kulinso ndi mavuto ake. Ku Malawi adyo wobzalidwa mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili mkati, amaola m'nthaka yonyowa ndi yofunda, ndipo masamba ake amagwidwa matenda. M'maiko ozizira, adyo wobzalidwa kunja kukadali kofunda amakulitsa masamba ambiri amene pambuyo pake amapsa ndi chisanu. Kumeneko kuchedwa sabata imodzi kapena awiri sikuwononga kwenikweni, malinga ngati nthaka ikadalimika ndipo mbewu yaphimbiridwa. M'madera otentha, kumene miyezi yozizira ndi itatu kapena inayi yokha, sabata iliyonse yochedwa imaonekera pa sikelo nthawi yokolola.

Onaninso

Adyo
Anyezi
Ulimi wa mthirira
Kasinthasintha wa mbewu
Nyengo za ku Malawi